KAVOLOVOLO KA MPOPE WAUFUPI: KODI CIPOLOPOLO COYENERA NDI CITI?

Pa tsiku Lacisanu, 11 April, 1986, dzuwa litakwera pang'ono, apolisi asanu ndi atatu a bungwe la FBI, lomwe limafufuza milandu ikulu-ikulu m'dziko la United States, anatsekereza galimoto ya mbava ziwiri pa msewu wina wa kumwera kwa mzinda wa Miami. Mbavazo, Michael Platt ndi William Matix, zinali zitasautsa mabanki ndi magalimoto onyamula ndalama kwa miyezi ingapo. Magalimoto anagundana napatuka mumsewu, ndipo nkhondo imene inabuka pomwepo siinathe mphindi zisanu, koma m'mphindi zocepazo munaombedwa zipolopolo pafupi-fupi 145. Utsi utaphwa, apolisi awiri, Bambo Jerry Dove ndi Bambo Benjamin Grogan, anali atafa, anzao asanu atabvulala, ndipo mbava zonse ziwiri zinali zitafanso.

Mmodzi mwa obvulalawo anali Bambo John Hanlon. Pa kugundana kwa magalimoto volovolo yao yaikulu ya nchito inawatayika, ndipo anatsala ndi kavolovolo kakang'ono kamene anali kunyamula padera, ka mtundu wa Smith & Wesson Model 36, kolowa makatiriji asanu okha. Anaombera kasanu, makatiriji natha. Ali m'kati moyesa kulonga ena, cipolopolo ca mfuti yaitali ya Platt cinawamenya padzanja, ndipo pambuyo pace anaomberedwanso. Anapulumuka mwa mwai.

Nkhani ya Bambo Hanlon ionetsa bwino nchito ya kamfuti ka mtundu umenewu. Palibe munthu amene amakasankha cifukwa ca mphamvu zace, pakuti mphamvu kalibe zambiri. Amakasankha cifukwa ndi kopepuka, kamalowa m'thumba la jekete kapena kumangidwa pa kakolo m'kati mwa thalauzi, ndipo sikakana kulira kawiri-kawiri. Kamatulutsidwa pamene zinthu zathina kale, mdani ali pafupi, nthawi zambiri kuli mdima. Tsono popeza mwini wace ali ndi makatiriji 5 kapena 6 cabe, funso lakuti alonge cipolopolo ca mtundu wanji lakhala likutsutsanitsa apolisi, asing'anga a m'zipatala ndi opanga zida a ku America kwa zaka zoposa makumi asanu. Cimene apeza ndi cakuti m'mpope waufupi munthu sangapeze zonse, ndipo ayenera kudziwa cimene angalole kutaya ndi cimene sayenera kutaya.

KUMENE KANACOKERA

Kampani ya Colt ndiyo inachukitsa mavolovolo otere m'caka ca 1927, pamene inatulutsa Detective Special, yolowa makatiriji 6, ya mpope wotalika mainchi awiri, ndiko kuti masentimita asanu. Monga dzina lace linenera, inapangidwira apolisi ofufuza amene sabvala yunifomu. M'caka ca 1950 kampani ya Smith & Wesson inaonetsa yace yocepa koposa pa msonkhano wa akulu a apolisi, ndipo akuluwo ndiwo anasankha dzina lakuti Chiefs Special. Imeneyi ndiyo inadzachedwa Model 36 kuyambira 1957. Yacitsulo imalemera magalamu oposa pang'ono 500, zopangidwa ndi aluminiyamu zimalemera ngati magalamu 400, ndipo pali zina za zaka zapafupi, monga Model 340PD, zosafika ndi magalamu 350 omwe. Kulemera kumeneku kuli ndi mbali yaikulu pa nkhani ya cipolopolo, monga kudzaoneka kutsogoloku.

Ambiri mwa mavolovolo amenewa amadya katiriji yochedwa .38 Special, imene Smith & Wesson inakonza m'caka ca 1898. Pa kulankhula anthu amacha cinthu conseco cipolopolo, koma katiriji ili ndi zigawo zinai. Pali cigoba ca mkuwa. Kumatako kwace kuli kafataki kamene kamathetheka kakamenyedwa. M'kati muli wonga. Ndipo kukamwa kuli cipolopolo ceni-ceni, cimene cokha ndico cimacoka mumfuti. Ngakhale dzina linena 38, kunenepa kwa cipolopoloco ndi .357 ya inchi, kapena mamilimita 9 ndi kanthu. Kulemera kwace amayesa ndi muyeso wakale wa Angerezi wochedwa greni, umene poyamba unali kulemera kwa njere imodzi ya barele. Magreni 7,000 ndiwo paundi imodzi. Cotero nambala 158 yolembedwa pa bokosi itanthauza cipolopolo ca magalamu 10 ndi pang'ono, 135 ndi ca magalamu osafika 9, ndipo 110 ndi ca magalamu 7.

MPOPE UKAFUPIKA LIWIRO LICEPA

Mlenje ali yense amene anagwirapo gogodera adziwa cifukwa cimene mfuti ya nyama imakhalira yaitali. Wonga ukapsya umasanduka mpweya wotentha umene umakankha cipolopolo kumbuyo kwace, ndipo kukankhako kumapitirira pokha-pokha cipolopolo cikali m'mpope. Cikangotuluka, mphamvu yotsala imathera m'mwamba, n'kusanduka moto ndi phokoso. Mpope wa mainchi anai umapatsa mpweyawo mtunda wokankhira, pamene wa mainchi awiri umaulanda mbali yaikulu ya mtundawo. Pa volovolo pali kutaya kwinanso, pakuti pakati pa mgolo wozungulira umene muli makatiriji ndi mpope pali kampata kamene mpweya wina umathawirapo.

Cipolopolo cakale ca apolisi, ca mtovu wokha-wokha, cobulungira mphuno, ca magreni 158, cimacoka m'mpope wa mainchi anai pa liwiro la mamita ngati 230 pa sekondi. M'kavolovolo liwirolo limatsikira ku mamita 200 kapena kupitirira pang'ono. Wina anganene kuti kusiyanako n'kocepa, koma kucepa kumeneko ndiko kumasiyanitsa cipolopolo cogwira nchito imene anacipangira ndi colephera. Ndipo apa pali msampha woyamba wa wogula, pakuti manambala a liwiro amene amadindidwa pa bokosi nthawi zambiri anayesedwa ndi mpope wa mainchi anai. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

CIPOLOPOLO CA MPHAKO

Kwa zaka zambiri apolisi a ku America anadandaula ndi cipolopolo cobulungira cija. Cinali kulowa m'thupi monga msomali, kupatula minofu imene inali kutsekanso kumbuyo kwace, ndipo nthawi zina cinali kutulukira kuseri ndi kupitirira, wacifwamba akali kuombera. Ena mpaka anacipatsa dzina lonyoza lotanthauza kuti cimasiyitsa akazi a apolisi umasiye.

Mankhwala ace anaoneka kukhala cipolopolo ca mphako, cimene pa Cingerezi amati hollow point. Kumphuno kwace kuli kadzenje, ndipo cikalowa m'minofu kadzenjeko kamadzala, m'mbali mwace n'kukankhidwira kunja, cipolopolo n'kufutukuka monga bowa. Cikatero cimang'amba njira yotakata, ndiponso cimaima msanga. Nzeruyi si yatsopano ai. Asilikari a Britain anapanga zipolopolo zofutukuka pa fakitale ya Dum Dum pafupi ndi Calcutta ku India m'zaka za m'ma 1890, ndipo msonkhano wa maiko umene unacitika ku The Hague m'caka ca 1899 unaziletsa pa nkhondo. Koma ciletsoco cikhudza asilikari pa nkhondo ya maiko, osati apolisi m'mizinda. Apolisi amazifuna pa cifukwa cimene ambiri saciganizira: cipolopolo cimene caima m'thupi la wacifwamba sicikalasa mwana amene waima kuseri kwace. Ici ndico cinacititsa apolisi a mzinda wa New York, atakana kwa zaka zambiri, kubvomera zipolopolo za mphako ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ataona kuti anthu osalakwa ndi apolisi anzao omwe anali kubvulazidwa ndi zipolopolo zopyola kapena zonjanja pa makoma.

Koma kuti mphako igwire nchito pafunika liwiro. Zipolopolo zambiri za mphako, maka-maka zobvekedwa malaya a mkuwa, zinapangidwira mipope yaitali, ndipo zikaomberedwa m'kavolovolo zimalephera kufutukuka, n'kukhala cimodzi-modzi ndi cobulungira cija, kungosiyana mtengo wogulira. Nthawi zina kadzenje kamatsekeka ndi ulusi wa jekete kapena juzi cipolopolo cisanafike pa khungu. Njira yacidule yopezera liwiro inali kupeputsa cipolopolo. Bambo Lee Jurras a ku Indiana anayamba m'zaka za m'ma 1960 kugulitsa makatiriji ochedwa Super Vel, a zipolopolo za magreni 110 zothamanga kwambiri, ndipo apolisi ambiri anawakonda. M'caka ca 1975 kufufuza kolipiridwa ndi boma la America, kumene kunagwiritsa nchito kompyuta, kunagamula mokomera zipolopolo zopepuka, zothamanga ndi zofutukuka msanga. Kwa zaka khumi ciphunzitso cimeneci cinali ndi otsatira ambiri, kufikira tsiku lija la ku Miami.

PHUNZIRO LA KU MIAMI

Kumayambiriro kwa nkhondo ija Bambo Dove anaombera Platt ndi mfuti ya 9mm. Cipolopolo cao, ca mphako, ca magreni 115, cinalowa pa mkono wamanja, cinapyola n'kulowa m'cifuwa, cinang'amba phapo, cinafutukuka monga momwe anacipangira, ndipo cinaima patangotsala ngati inchi imodzi kuti cifike pa mtima. Asing'anga anati bala limenelo linali la imfa, koma imfa yocedwa. Platt anapitiriza kumenya nkhondo, ndipo anapha Bambo Dove ndi Bambo Grogan ali kale ndi balalo. Poyesa mitembo ya mbavazo sanapezemo mankhwala oledzeretsa.

Bungwe la FBI linaitanitsa akatswiri ku sukulu yace ya ku Quantico, Virginia, m'caka ca 1987, ndipo m'caka ca 1989 mmodzi wa aphunzitsi ace, Bambo Urey Patrick, analemba lipoti limene lakhala maziko a nkhaniyi kufikira lero. Mfundo zace n'zosabvuta kumva. Cipolopolo ca mfuti ya m'manja sicigwetsa munthu ndi kukankha monga amaonetsera m'mafilimu, pakuti cikadakhala ndi mphamvu yotero woomberayo akadagwanso cagada, popeza kukankha kwa kutsogolo ndi kwa kumbuyo n'kofanana. Kunena zoona, kukankha kwa cipolopolo ca magreni 158 sikuposa kwa paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yogwa kucokera pa msinkhu wa masentimita 30. Munthu amaima nthawi yomweyo pokha-pokha ubongo kapena msana wa m'mwamba ukakhudzidwa. Apo ai, amaima cifukwa ca mantha ndi kutaya mtima, zimene sizidalirika, kapena cifukwa ca kutha kwa mwazi, kumene kumatenga nthawi. Lipotilo linati ngakhale mtima utaonongekeratu, ubongo umakhala ndi mpweya wokwanira kuti munthu acite cimene afuna kwa masekondi 10 kufikira 15.

Cifukwa cace FBI inaika muyeso wakuti cipolopolo ciyenera kulowa mainchi osacepera 12, ndipo kufikira 18 n'kwabwino, ndiko kuti masentimita 30 kufikira 46. Wowerenga angadabwe, pakuti cifuwa ca munthu sicifika kukula kotero kucokera kutsogolo kufika kumsana. Koma wacifwamba saima ciriri monga wojambulitsa cithunzi. Amapendeka, amawerama, ndipo mikono yace yogwira cida imakhala kutsogolo kwa cifuwa, monga zinaliri ndi Platt. Kuyesako amacitira pa zidutswa zikulu-zikulu za gelatin, phala lonjenjemera lofanana ndi msuzi wa ziboda za ng'ombe umene wagona usiku wa m'cisanu. Dokotala wa asilikari, Martin Fackler, amene anacita maopareshoni pa nkhondo ya ku Vietnam, ndiye anakhazikitsa kakonzedwe kace: gawo limodzi la ufa wa gelatin pa magawo 9 a madzi, kozizira madigiri 4. Amaombera pa gelatin yokha, kenaka ataibvundikira ndi nsalu zocindikala, kenakanso kupyolera pa citsulo, thabwa, cipupa copyapyala ndi galasi la galimoto.

Pa muyeso umenewu kulowa ndiko koyamba, kufutukuka kumatsatira. Apa ndi pamene kavolovolo kamagwira njakata. Mphamvu imene cipolopolo cimatuluka nayo ndi yocepa ngati malipiro a pakati pa mwezi, ndipo ikathera pa kufutukula siikwanira pa kulowetsa. Cipolopolo copepuka cofutukuka bwino nthawi zambiri cimaima pa masentimita 20 kapena 25. Colemera cosafutukuka cikhoza kupyola 46 n'kupitirira. Mapanga awiri abvumbwitsa.

NJIRA ZIMENE ANTHU ATSATA

Njira yakale koposa ndi katiriji imene FBI yomweyo inayamba kupatsa apolisi ace kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970: cipolopolo ca magreni 158, ca mtovu wofewa wopanda malaya a mkuwa, ca mphako, m'katiriji ya cizindikiro ca +P. Cizindikiro cimeneci citanthauza kuti mphamvu ya wonga yaonjezedwa kucokera pa mapaundi 17,000 kufika pa 20,000 pa inchi ili yonse ya m'kati mwa mfuti. Popeza mtovu ndi wofewa, umatha kufutukuka pa liwiro locepa, ndipo ukalephera, kulemera kwace kumaulowetsa mokwanira. Makatiriji a mtundu umenewu ndiwo anathetsa nkhondo ya ku Miami. Bambo Edmundo Mireles, mkono wao wamanzere utaphwanyika, anayenda kulunjika galimoto imene mbava zinafuna kuthawira, naombera kasanu ndi kamodzi, ndipo zipolopolo zao zina zinafika pa msana wa mbava zonse ziwiri. Koma yao inali volovolo yaikulu ya mpope wotalikirapo. M'kavolovolo katiriji yomweyo imafutukuka mwa apo ndi apo, maka-maka ikadzera pa nsalu, kulingana ndi kufewa kwa mtovu wa kampani imene yapanga, ndipo imamenya dzanja kwambiri.

Njira yaciwiri inabadwa pamene apolisi a ku New York, amene ambiri a iwo anali akali kunyamula timavolovolo pa nthawi yopuma kapena monga mfuti yaciwiri, anapempha kampani ya Speer ya ku Lewiston, Idaho, kuti iwapangire katiriji ya mpope waufupi weni-weni. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 kunatuluka Gold Dot ya magreni 135 +P, ya dzenje lalikulu, malaya a mkuwa omatiridwa ku mtovu kuti zisasiyane, yokonzedwa kuti ifutukuke pa liwiro la mamita ngati 260 pa sekondi, limene kavolovolo kamatha kufikira. Makampani ena anatsatira. Hornady inatulutsa Critical Defense, imene dzenje lace analitseka ndi kamphira kofewa kuti ulusi usalowemo, ndipo ena amapanga zipolopolo za mkuwa wokha-wokha. Zabwino mwa zimenezi zimafika m'mphepete mwa muyeso wa FBI, masentimita 30 kapena kupitirira pang'ono, osati kutali. Oyesa aonanso kuti katiriji imodzi ikhoza kucita bwino m'kavolovolo aka n'kulephera m'kanzace, cifukwa mfuti ziwiri za mtundu umodzi sizipereka liwiro lofanana.

Njira yacitatu ndiyo imadabwitsa anthu, pakuti ndi katiriji yooneka yofooka koposa zonse m'sitolo. Amaicha wadcutter. Cipolopolo cace, ca magreni 148, ndi coumbika monga kacitini, mphuno yace yafulati ngati yodulidwa ndi mpeni, ndipo cimamira cathunthu m'cigoba. Anacipangira a mpikisano woombera pa pepala, kuti cizidula ciboo cozungulira bwino cosabvuta kuwerenga. Liwiro lace m'kavolovolo ndi mamita ngati 200 pa sekondi. Sicifutukuka, ndipo sicilonjeza kufutukuka. Koma m'mphepete mwace mwakuthwa mumadula minofu pa kunenepa kwace konse m'malo moipatula monga cicitira cobulungira, ndipo mu gelatin cimalowa masentimita ngati 35 kufikira 45, kaya pali nsalu kaya palibe. Koposa zonse, sicimenya dzanja, cotero nkhalamba, mai wa manja ang'ono kapena munthu wa nyamakazi akhoza kuombera kasanu motsatizana osataya colinga. Bambo Jim Cirillo, a gulu la apolisi a ku New York limene linali kubisalira acifwamba m'masitolo pakati pa 1968 ndi 1973, amene anakhalapo m'kuomberana kangapo, anali okhulupirira mphuno yafulati, mpaka anakonza zipolopolo zao-zao za maonekedwe otero. Cilema cace cili pa kulonga, pakuti mphuno yafulati imakodwa pakamwa pa ziboo za mgolo munthu akamalonga mofulumira manja akunjenjemera. N'cifukwa cace ena amalonga wadcutter m'mfuti, koma makatiriji osungira amanyamula a mphuno yobulungira.

Ilipo njira yinanso imene imakopa anyamata. Katiriji ya .357 Magnum, imene inatuluka m'caka ca 1935, ili ndi cipolopolo conenepa mofanana, koma cigoba cace ndi cotalikirapo mamilimita atatu ndipo mphamvu ya wonga wace imafika mapaundi 35,000. N'zoona kuti ngakhale m'mpope waufupi imathamanga koposa .38 Special. Koma malipiro ace ndi owawa. Moto wotuluka kukamwa kwa mfuti umathobwa m'maso mumdima, phokoso lace m'cipinda likhoza kuononga makutu, ndipo mfuti ya magalamu 340 imamenya dzanja monga nyundo. Kuombera kwaciwiri kumacedwa, ndipo coipa koposa n'cakuti mwini mfuti amayamba kuiopa, amaphethira ndi kugwedeza dzanja asanakhethemule, potsiriza n'kuleka kuphunzira nayo. Aphunzitsi ambiri amalangiza kulonga .38 Special ngakhale m'mfuti yolembedwa .357 Magnum. Zimenezi n'zololeka, koma kubwezera kwina ai.

MISAMPHA YINA

Dzina la 38 lilipo pa makatiriji angapo osiyana, ndipo apa pakhoza kucitika ngozi. Ilipo .38 S&W ya m'caka ca 1877, yaifupi ndi yonenepa pang'ono. Mtundu wace wina ndiwo umene asilikari a Britain anagwiritsa nchito m'mavolovolo a Webley ndi Enfield pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, pa dzina lakuti .38/200, ndipo mfuti zotere zikali kupezeka m'maiko amene Britain anali kulamulira. Nkhondo itatha, amalonda anagula mavolovolo ambiri a Smith & Wesson a katiriji imeneyi, anafupikitsa mipope, nakumba ziboo za mgolo kuti mulowe .38 Special. M'mfuti zotere zigoba zimatupa, nthawi zina n'kung'ambika. Momwemonso mavolovolo akale, maka-maka a aluminiyamu a zaka za m'ma 1950 ndi 1960, sanapangidwire +P, ndipo kuwadyetsa makatiriji otero kawiri-kawiri kumawafooketsa. Cimene calembedwa pa mpope ndi m'buku la kampani ndico ciyenera kutsatidwa, ndipo mwini mfuti yakale aionetse kwa wokonza mfuti wodziwa nchito. Safunsa anadya phula.

Mfuti zopepuka kwambiri zili ndi bvuto lao-lao. Zikalira zimabwerera m'mbuyo mwadzidzidzi kotero kuti zipolopolo za makatiriji otsala m'mgolo zimasolokera kutsogolo pang'ono-pang'ono, mpaka cimodzi cimatulukira pamaso pa mgolo n'kuutsekereza kuzungulira. Mfuti imakhala yafa m'dzanja. Kuyesa kwace n'kosabvuta: pa bwalo lophunzirira munthu alonge asanu, aombere anai, atulutse wacisanu ndi kuona ngati cipolopolo casuntha. Pa Model 340PD kampani inalembanso pa mpope kuti musalowe zipolopolo zocepera magreni 120, cifukwa moto wace umadya mgolo wa titanium.

Cina ndi cakuti tizitsulo tolozera ta mavolovolo ambiri otere sitisuntha, ndipo ambiri anawakonzera cipolopolo ca magreni 158. Copepuka ndi cothamanga cimacoka mfuti isanadzuke mokwanira, n'kukalasa m'munsi mwa pamene munthu walinga. Mafuta a mfuti, thukuta ndi cinyezi ca m'dzinja zikhozanso kupha kafataki, cotero makatiriji okhalitsa m'mgolo ayenera kusinthidwa nthawi ndi nthawi.

MALAMULO

Mkangano wonsewu wakulira m'dziko limene malamulo ace amalola anthu wamba ambiri kunyamula mfuti. Ngakhale komweko malamulo asiyana, pakuti cigawo ca New Jersey cimaletsa munthu wamba kuyenda ndi zipolopolo za mphako, kupatula kusunga kunyumba kapena kupita kosaka ndi kophunzira. Ku England, Scotland ndi Wales mfuti za m'manja zinaletsedwa kwa anthu wamba m'caka ca 1997, pambuyo pa kuphedwa kwa ana 16 ndi mphunzitsi wao pa sukulu ya ku Dunblane m'caka ca 1996. Ku South Africa lamulo la m'caka ca 2000 linaika malire a makatiriji 200 pa mfuti ili yonse ya laisensi, kupatula alenje ndi a mpikisano obvomerezedwa. Muno m'Zambia lamulo la Firearms Act, Mutu 110 wa Malamulo a Dziko, linena kuti kukhala ndi mfuti kapena makatiriji popanda laisensi ndi mlandu. Ndipo kulikonse laisensi si cilolezo coombera, pakuti khoti limafunsa ngati moyo unalidi pa ngozi ndi ngati mphamvu imene munthu anagwiritsa nchito inali yolingana ndi ngoziyo.

DZANJA NDI DISO

Pambuyo pa Miami bungwe la FBI linasiya 9mm n'kutenga makatiriji amphamvu koposa, poyamba 10mm kenaka .40 S&W. M'caka ca 2014 aphunzitsi ace analemba lipoti lina lofotokoza cifukwa cobwererera ku 9mm yomwe ija. Anati zipolopolo zamakono zafika pa muyeso, ndipo popeza asing'anga sakhoza kusiyanitsa kweni-kweni mabala a makatiriji osiyana-siyana a mfuti za m'manja, yabwino ndi imene wapolisi amalasa nayo msanga ndi molunjika.

Mau amenewa akhudza kavolovolo koposa mfuti zina, pakuti ndi kobvuta kulasa nako. Cogwirira cace ndi cacing'ono, tolozera tace tiwiri tili pafupi-pafupi, ndipo cokhethemulira cace cimafuna kukoka kwa makilogalamu ngati asanu pa mfuti yosafika ndi theka la kilogalamu lomwe. N'cifukwa cace aphunzitsi amalangiza wophunzira kutenga mitundu iwiri kapena itatu ya makatiriji imene yafika pa muyeso wa kulowa, kuima mamita asanu kapena asanu ndi awiri kucokera pa pepala lalikulu ngati mbale ya nsima, ndi kuombera asanu mofulumira. Mtundu umene onse asanu alowa m'pepala, kawiri ndi katatu, ndiwo wace, ngakhale utakhala wadcutter wa m'bokosi lopanda zithunzi.

Lipoti lomwelo la 2014 linanenanso kuti pa kuomberana kweni-kweni apolisi amaphonya ndi zipolopolo 70 kufikira 80 mwa 100 ziri zonse. Amenewa ndi anthu ophunzitsidwa, ambiri a iwo ogwira mfuti zikulu-zikulu zosabvuta kulinga nazo. Kwa munthu wa makatiriji asanu ciwerengero cimeneci citanthauza kuti cimodzi, kapena ziwiri pa tsiku la mwai, ndizo zingalase, ndipo zitatu kapena zinai zotsalazo zimapitirira kunka mumsewu, m'zipupa ndi m'mazenera a anthu oyandikana naye.